Nangozo ndi Mombo Wotsiriza

Kalekale, nkhalango ikadali nkhalango, kunali mayi wina wamasiye dzina lake Nangozo. Ana ake atatu ankawalera ndi mphalabungu.

Mphalabungu zinali ndi mwambo wake, mwana iwe. Munthu ankatola za m'munsi zokha. Za kunsonga ankazisiya kuti zitsike, zilowe m'dothi, zidzatuluke agulugufe oikira mazira pa masamba.

Koma Nangozo anali ndi mchimwene wake, Kadzamira, munthu wadyera losaneneka. Iye anati, "Kutola imodziimodzi ngati nkhuku? Nkhwangwa ilipo!"

Anagwetsa mtengo, nakokolola zonse. Anagwetsa wina, nakokolola zonse. Anadya mpaka kusanza. Zotsala zinaolera kudzala. Anthu ataona, nawonso ananola nkhwangwa zawo. Zitsiru! Lero lomwe linadetsa mnthengu.

Nangozo mtima unali m'mwamba. Akayang'ana kuthengo, zitsa zokhazokha. Akayang'ana kumwamba, mitambo kulibe. Chakudya chinaleka kumulowa.

"Achimwene, ana anga adzadya chiyani?"

"Chemwali, mumadandaula zinthu zisanafike. Munaona kuti nkhalango ikutha?"

Nkhalango inatha. Mtsinje unauma. Unatsala mtengo umodzi wokha wa mombo, kuseri kwa nyumba ya Nangozo, ndipo mphalabungu zotsiriza zinali m'menemo.

Tsiku lina Nangozo anapita kutali kukafuna madzi. Pobwera anapeza mombo uli gone pansi, Kadzamira atadzaza dengu.

Mphalabungu imodzi inadzutsa mutu m'dengumo. "Mayi, tisiyeni tilowe pansi."

Nangozo anaponya mtsuko uko. Anamenya dengu ndi phazi, mphalabungu zili mbwee pa dothi.

"Mwapenga kodi? Ndiwo zimenezi!" anakuwa Kadzamira.

"Wopenga ndinu! Mimba yanuyo yadya nkhalango, yadya mtsinje, lero ikufuna ana anga? Tolani imodzi muone!"

Nangozo anamugwira Kadzamira pakhosi. Anamugwira, osamusiya, mpaka mphalabungu yomaliza italowa m'dothi. Tsiku limenelo ana anagona ndi njala, koma Nangozo anawauza kuti, "Pirirani, chaka chamawa zidzabwera."

Anadikira. Anadikira. Nyengo itakwana, dothi linang'ambika, agulugufe anatuluka. Ana anavina ndi chimwemwe.

Agulugufe anazungulira chitsa. Anazunguliranso.

"Mayi, tiikire pati mazira? Masamba ali kuti?"

Agulugufe anauluka, nadutsa phiri, osabwereranso. Mayi uja anakhala pansi, nalira mokweza mudzi wonse ukumva, koma palibe anatuluka m'nyumba. Manyazi anawagwira.

Wamva, mwana iwe? Ine zimandipsetsa mtima mpaka lero. Wadyera sadya zake zokha, amadyeratu ndi za ana osabadwa. Ndipo ukaona nkhwangwa ikunoledwa, kalipa pomwepo, mitengo ikadali chiimire. Nangozo anadandaula pamtengo woyamba, koma anakwiya pamtengo wotsiriza.

Nthano yanga yathera pa chitsa pomwepo.