Jekete la Dafuleni

Pa esiteti ina ya fodya panali Dafuleni, mwini jekete lachikopa loti ngakhale mwini esitetiyo analibe. Kapitawo wake, a Bwanali, analisirira.

"Iwe, mawa ndikupita ku ukwati. Undipatse jekete lija, apo ayi ntchito yako yatha."

"Palibe vuto, bwana."

Ataweruka, Dafuleni anatsikira kudambo, n'kuthyola chitedze, n'kuchikutumulira m'kati mwa jeketelo.

M'mawa a Bwanali anafika ndi akazi awo. Dafuleni anapereka jekete ndi manja awiri.

"Koma bwana, amalume analitsirika ili. Munthu wokhulupirika pabanja silimukhudza. Limaluma okhawo oyenda ndi akazi a eni."

Mayi aja anacheuka. "Valanitu, bambo a Eneresi. Mukudikira chiyani?"

Akanatani? Anavala. Asanafike n'kumsewu komwe, moto unabuka kumsana. Chimkulu chija chinangoluma mano, manja ali m'thumba, thukuta lili kamukamu.

"Likuluma?" anafunsa mayi aja.

"Ayi, langothina."

Pofika pamtengo wa bulugama, ukapitawo wonse unatha. Anayamba kudzikhula pamtengopo ngati ng'ombe ya nkhupakupa, matenanti onse akuonerera.

"Ndi ndani?" anatero mayi aja akumanga chitenje m'chiuno.

"Ndi mmodzi yekha, mayi! Wa kuchigayo uja!"

Jekete silinamve zimenezo, linalumabe.

"Chabwino, alipo atatu!"

Analivula n'kulitaya uko, liwiro kulowera m'munda wa fodya, mayi ali pambuyo ndi chikuni. Dafuleni anatola jekete lake ndi kamtengo.

"Bwana!" anakuwa. "Sabata yamawa mulifunanso?"