Nkhuni za Pakasupe

Panali munthu wina dzina lake Zefaniya, mkulu wa mpingo, amene ankakhala m'tsinde mwa phiri. Kuseri kwa munda wake kunali kasupe. Madzi ankatumphuka pansi pa mwala, pakati pa mikuyu, katope ndi mbawa zazikulu zoti anthu atatu sakanatha kuzikumbatira. Malowo anali a mbumba yawo, ndipo poti mwini mbumba anali Zefaniya, mawu otsiriza pa mitengo imeneyo anali ake. Mudzi wonse unkamwa pamenepo. Madimba a kumunsi ankakhala obiriwira ngakhale mu Okutobala.

Kuyambira makolo panali lamulo lakuti nkhwangwa isalire pakasupe. Ngakhale nthambi yogwa yokha ankaisiya kuti iwolere pomwepo. Ukafunsa chifukwa, ankangoti mizimu imakwiya. Zefaniya lamulolo sankalikonda, ankati ndi zachikunja, koma kwa zaka zambiri analisiya momwemo.

Munthuyu Mulungu ankamukonda, pamenepo tisamunamizire. Akakwera phiri m'mamawa n'kuona minda ndi nkhungu m'zigwa, ankavula chipewa. Ankati, "Dziko ili ndi limodzi. Mwini wake analiumba ndi manja ake n'kutiikapo ife. Lina kulibe."

Tsono anali ndi mng'ono wake, Lemisoni, mphunzitsi amene atapuma ntchito anabwerera kumudzi ndi katoni ya mabuku ndi wailesi. Lamulungu lililonse masana awiriwa ankakumana pa bawo, ndipo bawoyo sinkatha bwino. Lemisoni ankati nyenyezi zija ndi madzuwa, ndipo mwina maiko ena onga lathu alipo. Ankati dziko ndi lakalekale kuposa m'mene alaliki amawerengera. Ankatinso mvula yasintha: chizimalupsa sichikubweranso pa nthawi yake, kutentha kwanyanya, ndipo olakwa ndi anthu, ndi utsi wawo ndi nkhwangwa zawo.

Vuto la Lemisoni linali pakamwa. Mawu abwino ankawaponya ngati akuponyera galu fupa, kenako n'kuseka. Vuto la Zefaniya linali m'khutu. Mawu atatu aja anawamanga mtolo umodzi, nati onse ndi mwano kwa Mlengi, nawataya pamodzi.

"Iwe Lemisoni," ankatero, "munthu ndi nyerere. Nyerere ingasunthe mtambo? Wopachika dzuwa ndi Iye, wogwetsa mvula ndi Iye. Wailesi yakoyo ikakhala chete, mvula igwabe."

Chaka china mpingo unatopa ndi kupemphera m'chisakasa cha udzu. Anthu anaumba zidina chilimwe chonse, amayi akutunga madzi, abambo akuponda dothi, mpaka uvuni unaima wamtali ngati nyumba. Zinatsala ndi nkhuni zootchera. Koma phiri linali litametedwa kale ndi owotcha makala, ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana kum'mawa. Aliyense ankadziwa kuti mvula ikapeza zidina zosaotcha, thukuta la miyezi inayi libwerera kudothi.

Anthu ataimirira pa uvuni osowa chochita, Zefaniya anati, "Nkhuni zilipo. Zili pakasupe."

Anthu anayang'anana. Ena anaopa mizimu, koma anachita manyazi kunena pamaso pa mkulu wa mpingo. Lemisoni atamva anafika akuthamanga, malaya osamanga mabatani. Akanamutengera mkulu wake pambali, mwina nkhani ino bwenzi kulibe. Koma anafuula pagulu.

"Achimwene, pemphero silisunga madzi m'nthaka! Imasunga ndi mizu. Makolo anati mizimu chifukwa ankadziwa kuti anthu onga inu samva mwanjira ina."

Wina anaseka. Zefaniya magazi anamukwera. Mkazi wake, Nangozo, anamuyandikira n'kunena chapansipansi, "Abambo, ngakhale mkuyu umodzi wokha tausiyani."

Iye anayankha mokweza kuti onse amve, "Tikaopa mtengo ndiye kuti tikupembedza mtengo. Kasupeyu anamuika ndi Mulungu, ndipo Mulungu yemweyo amusunga."

Anatenga nkhwangwa m'manja mwa mnzake, natsika kukasupe, natema mbawa yaikulu koposa zonse. Ena anatsatira. Masiku asanu nkhwangwa zinalira, ndipo la chisanu ndi chimodzi dzuwa linaunika mwala uja koyamba chiyambire.

Njerwa zinapsa bwino, zofiira, zolira ukazigogoda. Tchalitchi chinamangidwa chokongola, anthu a m'midzi ina ankabwera kudzangochiona. Chaka choyamba kasupe anatulukabe madzi, ndipo Zefaniya akakumana ndi mng'ono wake ankati, "Aphunzitsi, mwamwa madzi lero? Mwawatunga kuti?" Pa bawo anali atasiya kukumana.

Chaka chachiwiri madzi anachepa, amayi anayamba kudikirana pamzere. Zefaniya anati ndi mayesero chabe. Chaka chachitatu mvula inachedwa mpaka Januwale, ndipo itabwera inagwa yonse masiku atatu. Madzi anatsika m'phiri opanda chowagwira, nakokolola dothi, nakwirira diso la kasupe. Anthu anafukula, madzi anatuluka pang'ono. Pofika mu Ogasiti anauma. Chakudza sichiimba ng'oma.

Mvula inasinthadi monga ankanenera Lemisoni, ndipo sanaisinthe Zefaniya yekha. Koma mvula yovutayo inapeza kasupe ali wamaliseche, ndipo anamuvula ndi iyeyo.

Kuyambira pamenepo amayi ankapita kumtsinje, maola awiri kupita, maola awiri kubwera. Madimba anasanduka fumbi. Mabanja ena anasamuka osatsazika. Palibe anamuloza chala Zefaniya, ndipo kukhala chete kumeneko kunkamupweteka kuposa kutukwana. Komabe mtima wake unali usanagonje. Ankadziuza kuti mvula ikadzagwa bwino zonse zidzabwerera.

Linafika tsiku la ubatizo wa ana m'tchalitchi chatsopanocho. Madzi a ubatizo anakatunga ndi Nangozo, poti inali ntchito ya amayi a mpingo ndipo tsikulo linagwera iye. Anafika mapemphero atayamba, akutsimphina, mawondo atatupa, thukuta litanyowetsa duku. Zefaniya ndiye ankagwira beseni pamene abusa ankabatiza. Atayang'ana m'besenimo anaona madzi a matope, ofiira, okhala ndi tizinyalala. Abusa anaviika dzanja nadontheza madziwo pa chipumi cha khanda, ndipo pachipumipo panatsala kamzere ka dothi. Zefaniya anayang'ana makoma okongola aja, nayang'ana mkazi wake atakhala pansi pakhomo akusisita mawondo. Nyimbo yotsekera sanaimbe.

Atatuluka sanapite kunyumba. Anatsika kukasupe, kumene anali atatha chaka chathunthu osapondako. Pakati pa zitsa anapeza Lemisoni atagwada, akubzala mbande za mbawa zazifupi ngati chala, akuzithirira ndi madzi a m'botolo.

Zefaniya anakhala pa chitsa. Kenako anati, "Nena. Unene kuti unandiuza."

Lemisoni anapukuta manja pa thalauza. "Sindinena, achimwene. Ndinakuchititsani manyazi pagulu, ndipo nkhwangwa ija theka ndinanyamula ndine. Za maiko ena, kaya alipo kaya kulibe, ine sindinawaone. Koma chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti wonena kuti dziko ndi limodzi munali inu. Ndiye woliopera bwenzi mulinso inu."

Zefaniya analira ngati wamasiye. Kenako anagwada pambali pa mng'ono wake n'kuyamba kukumba ndi manja. Onse anali nkhalamba, ndipo onse ankadziwa kuti mbawa siikula m'zaka za nkhalamba. Anabzalabe. Zefaniya anamwalira mbande zisanafike m'chiuno, Nangozo akutungabe kumtsinje.

Tsono inu amene mukundimva, mumakangana za nyenyezi, za zaka za dziko, za mvula. Kanganani, si tchimo. Koma musakane chenjezo chifukwa choti mwadana ndi pakamwa pa wochenjeza. Ndipo inu odziwa, chenjezo lanu musalisandutse chipongwe. Ngati mumakhulupirira kuti dziko lino ndi limodzi, ndipo munachita kupatsidwa, yang'anani mayi wa mwana mmodzi. Mwanayo akatentha thupi, mayiyo sanena kuti anandipatsa ndi Mulungu ndiye sangafe. Amamubereka kumbuyo n'kuthamanga.