Chimangirizo Chimene Sauda Analoweza

Tsiku lina Lachinayi, anthu atangomwazikana pa swala ya Asr, pemphero la chakumadzulo, kunyumba kwa Shehe Twaibu Mbwana ku Ntaja kunafika mlendo. Anali Mayi Latifa Chikoja, mphunzitsi wa Chingerezi wa Fomu 1 pasekondale yoyendera ya m'deralo, amene anali atangotuluka kumene kukoleji. Anapeza shehe ali pakhonde, akusenda nandolo m'lichero.

"Assalamu alaikum, a Shehe."

"Wa alaikum salaam, aphunzitsi. Khalani pamkekapo. Mutikhululukire, mwatipeza pantchito ya amayi anu, iwo apita kukazonda matenda."

Latifa anakhala pansi, natulutsa mapepala awiri m'chikwama. Mawu ake anali atawakonzeratu njira yonse.

Tsiku loyamba la teremu iye anamata pakhoma la kalasi malamulo asanu ndi awiri, olembedwa ndi dzanja lake. Kufika belu lisanalire. Kubwera ndi kope ndi cholembera. Kuwerenga buku limodzi mwezi uliwonse. Koma limene ana ankaliopa linali lachinayi: wokopera ntchito ya wina adzapeza ziro, ndipo adzabwera ndi kholo lake. Anyamata awiri anali atalawa kale lamulo limeneli atagwidwa ndi likasa, timapepala ta mayankho, m'masokosi, ndipo Latifa sanamve za kupepesa kwawo.

"A Shehe, ndabwera ndi dandaulo. Likukhudza mwana wa kumadrasa kwanu, Sauda Ajibu."

"Sauda timamudziwa. Walakwanji?"

"Wabera mayeso."

Shehe anaika lichero pansi, napukuta manja pa mkanjo wawo.

"Masabata awiri apitawo," Latifa anapitiriza, "ndinawalembera pabolodi chimangirizo chachitsanzo. Mutu wake unali wakuti 'Kwathu'. Ndinalemba za kwathu ine ku Chingale, kuti aone kayalidwe ka ndime. Lolemba pamayeso ndinawapatsa mutu womwewo. Taonani. Ili ndi langa, ili ndi lake. Liwu ndi liwu."

"Chingerezi ine sindiwerenga, aphunzitsi. Maso anga anakalambira pa zilembo za Chiarabu zoyambira kumanja. Mungondiuza. Munamugwira ali ndi kope pamiyendo?"

"Ayi. Makope onse anali panja, ndipo iye amakhala kutsogolo. Sanacheuke n'komwe."

"Analumpha mawu angati?"

"Ngakhale limodzi. Mpaka walemba kuti mayi ake ndi namwino wopuma pantchito, ndiponso kuti ali ndi alongo atatu. Amenewo ndi amayi anga, a Shehe! Alongowo ndi anga! Sauda ndi mwana wamasiye."

"Masha Allah," anatero shehe chapansipansi.

Latifa anakweza mawu. "Mukuyamikira kuba?"

"Ndikudabwa ndi mutu umene Mulungu anam'patsa mwanayo. Pitirizani, ndikumva."

"Mawa kalata yoitana kholo iyenera kupita. Koma Sauda amakhala ndi amalume ake, ndipo iwo ananeneratu pamaso pa ahedi kuti sukulu ikadzawaitana pa mlandu, tsiku limenelo n'lomaliza, mwana azikapirikitsa mbalame kumpunga. Ndikamusiya, ana makumi asanu ndi atatu aona kuti lamulo langa limasankha nkhope. Ine sindinapite kukoleji kuti ndizikaphunzitsa ana kubwereza mawu ngati wailesi. Lamulo lipita mmene ndinalilembera. Ndangobwera kuti mudziwe, poti mumamutama kuti ndi mwana wa chitsanzo."

"Mukanakhala kuti mwatsimikiza, simukanayenda mtunda wonsewu dzuwa lili chonchi," anatero shehe. "Chakutsekani pakhosi n'chiyani?"

Latifa anayang'ana mapepala aja. "Nditamuitana, anabwera akumwetulira. Ankayesa ndikufuna kumuyamikira. Nditamuonetsa ziro, sanakane, sanalirenso. Anangofunsa kuti, 'Madamu, ndalakwitsa pati? Ndibwereze.' Wakuba safunsa choncho."

Shehe anagwedeza mutu. "Funso limenelo ndikulidziwa. Ndi la kuno. Sauda anabwera kumadrasa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Kuyambira pamenepo, masana aliwonse ndakhala ndikumuuza chinthu chimodzi: chimene mwalimu wakupatsa, uchibweze monga unachilandirira. Akasintha chilembo chimodzi mu sura ya Korani, ndimati bwereza. Akawonjezera lake, ndimati bwereza. Zaka zisanu ndi ziwiri. Lero akhoza kulakatula masura ambiri osapunthwa, ndipo akulu amapukuta misozi. Tsono inu, lamulo lachinayilo munawaphunzitsa masiku angati?"

"Ndinawawerengera tsiku loyamba."

"M'chilankhulo chanji?"

"M'Chingerezi. Ndi kalasi ya Chingerezi."

"Munawauza kuti kutenga mawu a mnzako ndi maso n'kulakwa. Munawauzanso kuti kuwatenga ndi mtima n'kulakwa? Ngakhale atakhala mawu a mphunzitsi?"

Latifa anali asanaganizepo za funso limeneli. Kukoleji palibe amene anafunsapo zimenezi. Aliyense ankangodziwa.

"Inu m'mawa umodzi, ine zaka zisanu ndi ziwiri," anatero shehe. "Mwanayo anamvera amene analankhula nthawi yaitali. Anaona mawu a madamu ake pabolodi, anawaona kuti ndi abwino, ndiye anawachitira ulemu waukulu umene amaudziwa. Ngati pali wolakwa, wayamba ndine. Ndinamuphunzitsa kusunga mawu, koma sindinamuuze chifukwa chake, ndiponso sindinamuuze malire ake."

"Ndiye mukuti ndifafanize lamulo?"

"Astaghfirullah, ayi. Lamulolo ndi labwino, likhale pakhoma pomwepo. Ngakhale ziroyo isachoke. Pepalalo si la Sauda, ndi lanu. Mwadzipatsa nokha ziro, aphunzitsi, ndipo musadandaule, zimachitika."

Latifa anafuna kukwiya, koma kuseka kunamupulumuka, nabisa pakamwa ndi nsonga ya mpango wake.

"Nanga kalata ija?" anafunsa. "Anyamata aja anabwera ndi makolo awo."

"Anyamata aja anabisa likasa chifukwa ankadziwa kuti akulakwa. Sauda anabisa chiyani? Komabe lamulo likufuna munthu wamkulu adzayankhe, ndipo adzayankha. Kholo limaitanidwa kuti limve zimene mwana wachita ndi kukonza kumene khalidwelo linachokera. Khalidwe ili silinachokere kwa amalume ake. Pakalatayo mulembe dzina langa. Ahedi ndikalankhula nawo ndekha, amalume akenso ndiwaona ku Jumu'ah, swala ya Lachisanu, mawa lomwelo, amve kwa ine osati kwa anthu a pamsika."

"Inu a Shehe, mudzaime pamaso pa ana a Fomu 1 ngati wopalamula?"

"Ndidzaima, insha Allah, belu lanu lisanalire. Theka la kalasi yanu limakhala pamkeka wanga masana, ndiye Sauda si yekha amene akuganiza choncho. Ndidzawauza m'Chiyao ndi m'Chichewa kuti mawu a Mulungu sitiwasintha chifukwa si athu, ndife osunga chabe. Koma lilime ndi nzeru anatipatsa kuti zikhale zathu, ndipo madamu akafunsa za kwanu, akufuna za kwanu. Ndikatha, mum'patse Sauda pepala loyera alembe za nyumba ya amalume ake, inu mukuona."

Latifa anapinda mapepala aja. "Alakwitsa zambiri, a Shehe. Chingerezi chakechake n'chothyokathyoka."

"Muchonge ndi inki yofiira, osamumvera chisoni," anatero shehe, akukokera lichero pafupi. "Mukapezamo zolakwa makumi awiri, munene kuti Alhamdulillah, chifukwa limenelo lidzakhala tsiku loyamba Sauda kukulemberani mawu ake."