Anamata Pamwamba pa Mng'alu

Panali mmisiri wina amene ankagwira ntchito kumalo okonzerako injini za ndege. Ntchito yake inali imodzi basi: kukuta timapiko tachitsulo timene timazungulira m'kati mwa injini, momwe mumayaka moto woti chitsulo wamba chingafewe ngati phula. Timapikoto amatisula ndi chitsulo cholimba chosakaniza ndi nikelo, komabe nachonso moto umachidya. N'chifukwa chake amachikuta ndi kachikuto kopyapyala, kuti motowo uzingonyambita kunja.

Tsono tcherani khutu, abale anga, pakuti nkhani yagona apa. Chitsulo sichithyoka tsiku limodzi ayi. Chimatopa. Ndege ikanyamuka chimatentha n'kufufuma, ikatera chimazizira n'kubwerera. Lero chomwecho, mawa chomwecho. Chikuto chikakhala chopyapyala chimayendera limodzi ndi chitsulocho. Koma chikachindikala chimauma gwa, chimang'aluka, ndipo mng'aluwo suthera pamwamba. Umaboola n'kulowa m'chitsulo chomwe chija ankati akuchiteteza.

Tsiku lina mmisiri uja dzanja linamulemera, anakuta mopitiriza muyeso. Anadziwa, koma anangoti zii. Patapita miyezi injiniyo inabweranso kudzaunikidwa. Anayang'ana kapiko kamodzi ndi galasi lake lokuzira zinthu. Panali kamng'alu kochepa ngati tsitsi.

Lamulo la ntchitoyo ankalidziwa bwino. Umayamba wasenda chikuto chakale chonse ndi mankhwala, chitsulo chikhale pambalambanda, kapitawo achione, kenako ukutenso. Koma kusenda kunali kudziulula. Kapitawo akanayeza, akanadziwa dzanja limene linalakwa. Munthu uja anaganiza za ana ake, anaganiza za manyazi otuluka pageti anzake akuyang'ana. Ndiye anachita chiyani? Anamata chikuto chatsopano pamwamba pa mng'alu. Kapikoko kanawala kuti mbee, kokongola kuposa tinzake tonse.

Injiniyo anaibwezera m'ndege yonyamula odwala ochokera kumadera akutali. Woyendetsa wake, mayi Nanthambwe, pomudutsa anamusekerera nati, "Amisiri, moyo wangatu uli m'manja mwanumo."

Mawu amenewo anamulasa. Kuyambira tsikulo mtendere unamuthawa. Ndege ija ikalira, iye ankasiya ntchito n'kuyang'ana kumwamba. Ankadziwa kuti kunyamuka kulikonse kukukankhira mng'alu uja m'kati, ndipo palibe diso limene likanauona, pakuti anauphimba yekha ndi manja ake. Chakudya chinaleka kutsika. Anzake ankamuseka kuti waonda ngati wamwa mankhwala olakwika, naye n'kumaseka nawo. Munthu uja ankaopa, abale, ankaopa zedi. Kale ankaopa kapitawo. Tsopano ankaopa maliro.

M'mawa wina analephera kupirira. Analowa mu ofesi osagogoda.

"Bwana, injini ija ndinamata pamwamba pa mng'alu."

Kapitawo anadzambatuka, mpando n'kugwa. "Mwati chiyani, bambo inu? Ndegeyo ili m'mwamba, muli mayi wodwala ndi namwino!"

Anathamangira pa wailesi kukauza mayi Nanthambwe kuti atere msanga. Mmisiri uja anaima padzuwa, maso kumwamba, pemphero likukana kutuluka. Mphindi iliyonse inali ngati chaka. Kenako kadontho kanaoneka, kanakula, matayala n'kukhudza pansi.

Anamasula injini, nasenda kapiko kaja mmisiri uja ali pomwepo. Chikuto chokongola chija chitachoka, onse anagwira pakamwa. Mng'alu unali utadya chitsulo pafupifupi mbali ndi mbali, kutangotsala kachigawo kochepa ngati chikhadabo.

Kapitawo anati, "Ikananyamukanso kawiri, bwenzi tikutola anthu kuthengo."

Ntchito ya mmisiri uja inathera pomwepo. Mayi Nanthambwe anabwera, anayang'ana kapikoko, anayang'ana iye. Mmisiri uja anatuluka pageti anzake akumuyang'ana, monga momwe ankaopera. Koma anthu atatu aja anakafika kwawo amoyo.

Akhristu anzanga, fanizoli n'lanu ndi ine. Ambiri tili ndi mng'alu umene tikuudziwa, ndipo m'malo mousenda pamaso pa Mulungu tikumatapo. Timatapo yunifolomu ya chigwirizano, timatapo kwaya, timatapo mapemphero aatali, mpaka tiwale kuposa anzathu. Zinthu zimenezi n'zabwino, zinapatsidwa kuti zititeteze. Koma zikamatidwa pamwamba pa tchimo losaululidwa, zimangolibisa kuti lidye bwino m'kati. Ndipo mayesero sabwera kamodzi. Amatentha, amazizira, amatenthanso, kufikira tsiku limene mudzathyoka muli m'mwamba, mutanyamula mkazi wanu, ana anu ndi onse okukhulupirirani.

Kulapa kumawawa, sindikunamizani. Mwina mudzataya ulemu, mwina udindo. Koma lolani Ambuye asende lero. Inu simudziwa kuti kwatsala kunyamuka kangati.