Maola a Babu

M'chipinda chochezera cha a Sipanala mudali khoma limodzi lomwe munthu sankaloledwa kupachikapo kanthu, ngakhale kalendala. Moyang'anizana nalo, pashelefu ya pamwamba pa sofa, padali pulojekita, makina oponya zithunzi pakhoma, omwe mwana wawo wamkazi adagula asanasamukire kutali ndi mwamuna wake. Sadagulire matama. Amayi ake, omwe adakhala pa makina osokera zaka makumi atatu, matenda a shuga adali atayamba kuwadya maso. Pafoni sankaonapo kanthu, pa wailesi yakanema nkhope zinkangooneka mbuu, koma chithunzi chikadzaza khoma lonse ankatha kuloza n'kunena kuti uyu ndi mwana wanga, ndipo waonda. Choncho masana aliwonse ankatseka makatani n'kumaonera timakanema tomwe mwanayo ankatumiza, kamodzi, kawiri, mpaka kuloweza.

A Sipanala adali makanika wopuma pantchito, ndipo dzinalo adalitengera kugalaja. Manja adali nawo abwino, koma mutu udali wouma ngati nati yadzimbiri. Chiphunzitso chawo chidali chimodzi: opanga zinthu ndi abodza. Akalemba kuti chakuti chisinthidwe pakapita nthawi yakuti, iwo ankati ndi nzeru zogulitsira malonda basi.

Tsiku lina pakona ya chithunzi padatuluka mawu ofiira onena kuti babu la m'kati mwa pulojekita latha maola ake, lisinthidwe.

"Kodi chofiiracho n'chiyani, bambo?" adafunsa akazi awo, akusinzinitsa maso.

"Palibe kanthu, mayi. Makina akungodziyankhulira."

Adatenga rimoti, nafufuza mpaka adapeza pomwe makinawo amawerengera maola a babu. Pamenepo pali pobwezera nambala kuti iyambirenso, ndipo munthu amadinapo akaika babu latsopano. Iwo adadina babu lili lakale lomwelo. Mawu ofiira adazimiririka, ndipo a Sipanala adamwetulira ngati masiku aja ankabweza mita ya galimoto yotopa kuti ioneke yaing'ono. Adaiwala zomwe makanika aliyense amadziwa, kuti mita ukaibweza injini siibwerera nawo.

Mwana wawo adali atawauza kale pafoni. "Adadi, babu limenelo likadzayamba kudandaula mundiuze msanga. Silipezeka m'sitolo wamba, amachita kuitanitsa."

"Ndidzakuuza, mwana wanga. Likadali ndi mphamvu."

Babu lotere silifa tsiku limodzi. Limayamba n'kufooka, pang'onopang'ono, moti woonera tsiku ndi tsiku sazindikira msanga. Mayi aja adayamba kusendeza mpando wawo kufupi ndi khoma. Mwezi wotsatira adausendezanso. Sadadandaule kwa munthu, mpaka masana ena adapumira m'mwamba n'kunena motsitsa mawu:

"Maso akupita, bambo. Ngakhale khoma lija layamba kuda."

Apa m'pomwe a Sipanala adalakwa kwenikweni, ndipo palibe chowaikira kumbuyo. Iwo maso adali nawo abwinobwino, ndipo ankaona okha kuti zoyera zasanduka zachikasu. Koma kuvomera kukadatanthauza kuulula zomwe adachita ndi rimoti, ndiye manyazi adawatseka pakamwa. Mumtima adati mawa ndiitanitsa lina mwakachetechete. Mawa lake kudabwera alendo. Mkuja adaona ngati chithunzi chawalako. Sabata idabala mwezi.

Masiku omwewo atapita kuchipatala, dokotala wa maso adalankhula mosapita m'mbali: diso lakumanzere lidatha, lakumanja likungogwirira pa kaulusi, ndipo likhoza kutseka tsiku lililonse. Mwana wawo uja adali woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chiwiri. Pobwerera kunyumba mayiwo adagwira mkono wa amuna awo.

"Diso ili lingondidikirira ndione nkhope ya mdzukulu wanga. Zikatero mdima ubwere, sindidandaula."

Diso lidadikiradi. Mwana adabadwa Lachiwiri m'mawa, wamkazi, ndipo pofika masana kanema adali atafika. Mayi aja adavala diresi lawo labwino ngati akupita kukachingamira mlendo, nakhala pampando wawo. A Sipanala adatseka makatani, nayatsa pulojekita. Fani idalira, khoma lidayera pang'ono, kenaka phu! Kudamveka ngati botolo lasweka m'kati mwa makinawo, ndipo fungo la chinthu chopserera lidadzaza chipinda. Khoma lidada. M'masipika mokha ndi momwe mudapitirira kumveka kulira kwa khanda.

A Sipanala adathamangira sikuludiraiva, koma atangogwira chivundikiro adapsa zala. Adaimbira mayi wina wokonza zamagetsi wa mumsewu mwawo. Iye atafika adayamba watsegula mawindo onse n'kutulutsa awiriwo panja, poti mpweya wa babu losweka ndi woipa m'chifuwa. Adazula waya kukhoma, nadikira kuti makina azizire, kenaka adavala magolovesi, namasula tizomangira tiwiri, nasolola kabokosi ka babu. M'kati mudali magalasi okhaokha.

"Koma achikulire, makina awa amachenjeza nthawi ikadalipo. Simudaone mawu ofiira?"

Akazi awo adatembenukira komwe kunkamveka mpweya wa amuna awo.

"Ndidawaona," adatero a Sipanala. "Ndidabweza maola."

"Liti?" adafunsa akazi awo.

"Chaka chatha."

Wokonza uja adangoyang'ana pansi. Akazi a Sipanala adafunsa ndi mawu opanda mkwiyo, ndipo n'chifukwa chake adabaya kwambiri:

"Ndiye kuti mdima uja sudali wonse wa maso anga?"

Babu latsopano adaliitanitsa tsiku lomwelo, koma lidafunika masiku khumi kuti lifike. A Sipanala, omwe chaka chathunthu adakhala phee, tsopano adapondaponda tauni yonse kufuna pulojekita yobwereka. Uku ankati mwini wake wachoka, uko ankati bwerani mawa. Kunyumba akazi awo ankayandikiza foni mpaka kukhudza nsidze, koma ankangoona kachinthu kofiirira kakugwedezeka. Tsiku lachinayi adadzuka m'mawa, dzuwa lili ngwee pabedi, n'kufunsa chifukwa chomwe makatani sadatsegulidwe. Dokotala adati magazi adatayikira m'diso, ndipo palibenso chochita.

Phukusi lidafika pa tsiku lake. A Sipanala sadalole wina kugwira ntchitoyo. Adawerenga kapepala ka malangizo mzere ndi mzere, chinthu chomwe sadachitepo moyo wawo wonse. Adazula waya, navala magolovesi kuti chala chisakhudze galasi, napukuta fumbi, nalowetsa kabokosi katsopano mpaka kadakhala bwino, namanga tizomangira mosapyoza muyeso. Atayatsa, khoma lidawala kuposa momwe ankakumbukira. Padaoneka nkhope ya khanda yodzaza khoma lonse, tsitsi lonyowa, kakamwa kakuyasamula, chilichonse chooneka bwino mpaka timizere ta m'zikope.

"Mwayatsa?" adafunsa akazi awo.

"Ndayatsa, mayi."

"Ali pati?"

Adawagwira dzanja, nayenda nawo mpaka kukhoma, naika chikhatho chawo pomwe padali tsaya la mwanayo. Koma poima pamenepo matupi awo adatchinga kuwala, ndipo pansi pa dzanjalo padangotsala mthunzi wa anthu awiri okalamba. Mayiwo adasisita khoma lozizira lija mofatsa.

"Ndiuzeni ndinu, bambo. Wafanana ndi ndani?"

A Sipanala adafuna kunena kuti mphuno ndi yanu, mayi, chipumi n'cha amake, koma chomwe chidatuluka ndi kulira, kulira kwa munthu wamkulu kosowa pobisala. Akazi awo adadikira, dzanja lili pakhoma, mpaka adazindikira kuti yankho silibwera msanga.

"Musafulumire," adatero. "Ine nthawi ndili nayo tsopano."

Ntchito yonse yosintha babu idatenga mphindi khumi zokha. Mphindi khumi zimenezo zidalipo chaka chathunthu, diso likadali kuona, ndipo palibe adawaletsa. Akuluakulu adanena kale: zengerezu adalinda kwawukwawu.