Telala ndi Nkhukundembo ya Mikanda

Kuseri kwa shopu ya telala kunali kakhola ka waya, ndipo m'menemo munali nkhukundembo zitatu zimene iye anagula zili anapiye. Mkazi wake ankalota mazira. Iye ankalota khola lodzaza, loti odzayesa masuti azisuzumira pawindo n'kumagwira pakamwa.

Zitakula, imodzi inasiyana ndi zinzake. Inatupa chifuwa, khosi lili psuu ngati yavala mikanda, ndipo ikatambasula mchira inkazungulira bwalo lonse mapiko akukwekwa pansi. Ziwiri zinazo zinali zotuwa, zochepa thupi, zongotola chakudya mwakachetechete.

"Mkazi ndi uyu," anatero telala, tepi ili m'khosi. "Otuwawa ndi amuna, ndipo posachedwa aphana polimbirana donayu."

"Bambo, bwanji osafunsako kwa aneba?" anatero mkazi wake. "Iwo aja nkhukundembo anayamba kale kuweta."

"Ndikafunse chiyani? Ine imvi zandimerera ndikuveka anthu. Mwamuna akalowa muno amangoti, 'Yakuda yomweyo.' Wofuna zonyezimira, zokwekwa pansi, ndani? Si inu nomwe?"

"Nanga tambala wa nkhuku uja…"

"Imeneyo ndi nkhuku, mayi. Musasakanize nsalu."

Anabwerera pamakina mtima uli mbee, akuimba kamluzu.

Tsiku lina mlamu wake anabwera kudzatenga thalauza. Telala, pofuna kuoneka wamanja otambasuka, anagwira imodzi yotuwa ija. "Tengani katambala aka, alamu, kakungondithera chakudya."

Mlamuyo anayang'ana mbalame, n'kuyang'ana telala. Anathokoza msangamsanga, kuipanira m'khwapa, ulendo. Thalauza anaiwala pampando.

Patapita masabata angapo kunabwera apongozi. Telala sanafune kuchita manyazi, ndipo mpeni unagwera yotuwa yotsalayo. Ali pabalaza kufotokozera apongozi za anapiye amene dona wake adzaswe, mawu a mkazi wake anamveka kukhitchini.

"Bambo, tabwerani mudzaone tambala wanu."

M'beseni munali timazira tachikasu ndondondo, tina ngati mtedza, tina tokulirapo, limodzi litayamba kale kuuma chikamba. Telala anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Mazira anali pomwepo. Panja dona uja anatambasula mchira n'kukuwa kuti kulukulukulu, mawu a mwamuna weniweni.

Apongozi aamuna, amene anali atamutsatira pakhomo, anaseka mpaka kutsokomola. "Mkamwini, tambala woikira mazira mwamudyetsa chiyani? Mundigawireko mbewu yake."

Nyama inakoma kwa onse kupatula mwini khola. Alendo atangotsanzika, anatenga thalauza lija n'kuthamangira kwa mlamu wake. Anayamba ndi za nyengo, kenaka za ana, ndipo pomaliza anakanda kumutu.

"Alamu, katambala kaja… kakadalipo?"

"Kalipo, koma sikangasunthe. Kakufungatira mazira." Mlamuyo analandira thalauza lake, nkhope ili phee. "Zikaswa ndidzakugawirani kamodzi. Koma posankha mudzabwere ndi mlongo wangayo."

Pobwerera, telala anaima pampanda wa aneba, kumene nkhukundembo zinali yakaliyakali pabwalo. Anazengereza, kenaka anagogoda pageti n'kuvula chipewa. Anali atamva kuwawa kwa zimene akuluakulu ananena, kuti safunsa anadya phula.