Nyali Yomwe Inazima M'chitsime

Kalekale, koma osati kale la mikondo ndi zishango ayi, kale la mafoni a mabatani lomweli, pa Mponela panali ana atatu a mimba imodzi amene ankakonza mafoni pakhonde la sitolo ina. Wamkulu anali mkazi, dzina lake Ndaziona. Alongo ake awiri, Lonjezo ndi Fatsani, anawaphunzitsa ndi iyeyo kulumikiza mawaya ndi kulemba mapulogalamu, ndipo zimenezi Ndaziona sankaziiwala ngakhale tsiku limodzi.

Malume awo, a Gelesomu, anali okumba zitsime. Ntchito imeneyi ili ndi mdani wosaoneka. Pansi penipeni mpweya umatha kuipa mwakachetechete, ndipo munthu sakuwa ayi. Amangomva tulo n'kukhala pansi, apamwamba n'kumati akupuma. Anzawo awiri a malumewo anapita choncho.

Ndiye ana aja anawakonzera kabokosi kovala pamphumi, kakang'ono ngati bokosi la machesi. M'katimo anaikamo mapulogalamu atatu. Ya Lonjezo inkanunkhiza mpweya. Ya Fatsani inkatumiza uthenga pamwamba kuti belu lilire. Ya Ndaziona inkayendetsa nyali, kuiwalitsa kapena kuichepetsa molingana ndi mdima kuti batire lisathe msanga.

Tsono tcherani khutu apa, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepa. Kabokosiko kanali ndi mutu waung'ono, wosenza mapulogalamu awiri okha nthawi imodzi. Choncho munali pulogalamu ina yoyang'anira zinzake, yobwera ndi kabokosiko kuchokera kufakitale, imene iwo ankangoitcha Kapitawo. Panalibe pulogalamu yodzidzutsa yokha. Kapitawo ndiye ankati iwe dzuka, iwe pumula, iwe chokeratu. Youzidwa kupumula inkayenera kutula zonse zimene yagwira, malo ndi moto womwe. Koma lamulolo linali ndi kampata. Pulogalamu inkaloledwa kuyankha kuti, "Dikirani kaye, ndili pakati pa ntchito," ndipo ikatero Kapitawo ankadikira mphindi zitatu asanaichotse mokakamiza.

Masiku onse zogwira ntchito zinali mphuno ya Lonjezo ndi nyali ya Ndaziona, belu lili m'tulo. Nanga mpweya ukaipa, wothamangitsidwa kuti belu lipeze malo akhale ndani? Mphuno simungaichotse. Inali nyali basi.

Mbiri ya kabokosiko inawafika Mayi Kalinde, eni kampani yokumba zitsime ku Lilongwe. Anatumiza mawu kuti abwera kudzakaona kakugwira ntchito. "Malo a ntchito ndili nawo amodzi okha," anatero. "Amene pulogalamu yake ndiione kuti ndi yofunika koposa, ndipita naye."

Kuyambira tsiku limenelo pakhonde paja panalibenso mtendere.

"Achemwali, inu musavutike n'kusita zovala za ulendo," anatero Fatsani. "Yanu ija ndi tochi chabe, yomweyi ya pa golosale."

"Komanso ndi yaulemu kwabasi," Lonjezo anawonjezera. "Kapitawo akangotsokomola, yanyamuka kale."

Anaseka onse awiri. Ndaziona sanaseke. Nsanje inamugwira. Ana amene anawapukuta mamina, amene anawagwira dzanja powaonetsa polumikiza waya, lero akakhale mu ofesi mumzinda, iye atsale pano akupukuta mafoni ogwera m'madzi? Zinamuwawa, ndipo ine sindimunena, chifukwa nanenso zikanandiwawa.

Alongo ake atapita kukaonera mpira, iye analumikiza kabokosi ku kompyuta n'kuwonjezera mzere umodzi m'pulogalamu yake, uja woti "Dikirani kaye." Ankafuna kuti Mayi Kalinde akamayesa, nyali iziwalabe, belu la Fatsani lichedwe, aoneke wolephera ndi iyeyo. Mzerewo unagonamo masiku awiri. M'mawa wa tsiku loyesa, anatsegulanso kompyuta, anauyang'ana nthawi yaitali, n'kuufufuta. Musandifunse chifukwa chake. Mwina anakumbukira malume ake. Mwinanso anangoopa kuti Lonjezo, amene ankakonda kusuzumira ntchito za anzake, auona n'kumuyalutsa. Iye mwini sankadziwa bwinobwino.

Chitsime chinali m'mudzi wina chakumadzulo kwa Mponela, chakuya moti munthu wa pansi ankaoneka ngati kadontho. A Gelesomu anamanga chingwe m'chiuno monga mwa masiku onse, anavala kabokosi, anatsika. Mayi Kalinde anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, belu lili pamwendo. Panalibe amene ankayembekeza zoopsa, poti anagwirizana kuti pomaliza adzangotsitsira utsi m'chitsime chopanda munthu kuti aone ngati belu lilire. Koma dzuwa lili pamutu, piki ya a Gelesomu inaboola mng'alu, mpweya woipa n'kuyamba kutuluka. Mkulu uja anamva tulo, anakhala pansi.

Pulogalamu ya Lonjezo inaumva mpweyawo a Gelesomu asanadziwe kanthu. Sinazengereze kapena kuyesa kawiri. Inauza Kapitawo nthawi yomweyo kuti pansi pano zinthu zaipa.

Kapitawo anatembenukira kwa nyali n'kuiuza kuti ipumule. Pulogalamu ya Ndaziona sinayankhe kanthu. Inatula malo, inatula moto, m'chitsime munangoti bii.

Pulogalamu ya Fatsani inadzuka pamalo amene anasiyidwawo n'kuponya uthenga pamwamba. Koyamba sunafike, poti chitsime chinali chakuya. Inaponyanso, n'kuponyanso ndi moto wonse umene nyali inasiya, mpaka belu linalira pamwendo pa Mayi Kalinde.

Amuna anayi anakoka chingwe. A Gelesomu anatuluka ali lobodo, milomo itachita mbuu, chipumi chikutuluka magazi poti anadzigunda kukhoma mumdima muja. Anawagoneka pamthunzi, anawakupiza ndi chitenje, mpaka anatsokomola n'kutsegula maso.

"Ndaona zotere kambiri," anatero Mayi Kalinde. "Pakanapita mphindi zina ziwiri, bwenzi tikukamba zina pano."

Ndaziona atamva mawu amenewa, anakakhala pamulu wa dothi.

Malume atamwa madzi n'kukhala tsonga, mkangano unabuka.

"Mayi, popanda yanga palibe akanadziwa kanthu," anatero Lonjezo. "Enawa anangotsatira."

"Kudziwa uli kudzenje kumathandiza ndani?" Fatsani anamudula. "Yako inadziwa, inde, koma anakoka chingwe ndi anthu, ndipo anthuwo anaitanidwa ndi yanga."

"Yakoyo ikanadzukira pati?" anafunsa Ndaziona. "Malo amene inaimapo anali anga. Moto umene inakuwira unali wanga."

Fatsani anati, "Aa, achemwali, musatiseketse. Yanu inachita kuthamangitsidwa. Ngati kuthamangitsidwa ndi ntchito, ndiye Mayi atenge Kapitawo apite naye ku Lilongwe."

"Ikanatha kukana."

"Kukana? Pali munthu wamisala amene angalembe zoti nyali izikana, malume ali pansi?"

Apa Ndaziona yankho anali nalo, lakuthwa ndithu, koma kuti alitulutse anayenera kuulula kuti wamisalayo anali iye, ndipo anakhala wamisala masiku awiri athunthu. Anangoyang'ana Fatsani, amene anali atayamba kale kukonza kolala ya malaya ake ngati munthu wa mu ofesi, nsanje ija n'kumubwereranso yosakanikirana ndi manyazi.

Mayi Kalinde anatembenukira kwa a Gelesomu. "Bambo, moyo ndi wanu. Tandiuzani inuyo, wakupulumutsani ndani?"

A Gelesomu anagwira bala la pachipumi. "Mayi, ine mphunoyo sindinaimve, belulo sindinalimve. Chimene ndikukumbuka n'chakuti nyali inandithawa. Ndinaitukwana ndithu, ndinati mwana wa mlongo wanga wandisiya mumdima pa nthawi yoipa. Tsopano akuti kundisiyako ndiye kunali kundithandiza. Onsewa ndi ana anga, ndipo mutu ukundipweteka. Sankhani nokha."

Galimoto ya Mayi Kalinde inali italiza kale injini, mpando wakumbuyo uli ndi malo a munthu mmodzi. Mayi Kalinde anayang'ana Lonjezo, anayang'ana Fatsani, anayang'ana Ndaziona amene anali chikhalire pamulu wa dothi, maso ali pansi.

Ine mlanduwu wandikulira, ndiye ndautula kwa inu, poti mukudziwa ngakhale chimene Mayi Kalinde sakuchidziwa. Akwere galimotoyo ndani: Lonjezo amene pulogalamu yake inadziwa, Fatsani amene yake inaitana anthu, kapena Ndaziona amene yake inangozima, atafufuta ndi dzanja lake mzere umene ukanapha malume ake, mzere woti anaulemba ndi iye yemweyo?